Kuthowa Diso la Robson

Ku Mwase Lundazi, munthu akagwa panjinga n'kutupa bondo, kapena ng'ombe ikam'ponda phazi, sankafunsa kopita. Ankapita kwa Olipa Mtonga. Mayi ameneyu ankadziwa kuthowa: kuviika nsalu m'madzi otentha, kuifinya pang'ono, n'kuidinikiza potupapo mpaka magazi oundana atabalalika. Manja ake anali olimba, ndipo analibe chisoni chopusa chija chosiyira ntchito panjira chifukwa wodwala walira. Ankangoti, "Lilani, koma mawa muyenda." Ndipo mawa lake anthu ankayendadi.

Luso limeneli palibe anam'phunzitsa. Analiphunzirira m'nyumba mwake momwe, chifukwa mwamuna wake, Robson Zimba, anali munthu wosachedwa kutukula dzanja. Akamenya munthu kumowa, Olipa ankam'thowa zala. Akamenyedwa, ankam'thowa nthiti. Akasowa wolimbana naye kunja, ndewu ankabwera nayo kunyumba, ndipo Olipa ankadzithowa yekha kuseri kwa bafa. Musandifunse chifukwa chake sanachoke pabanjapo. Azibale ake anafunsa mpaka anatopa.

Robson ankaona ndi diso limodzi. La kumanzere linafa ali mwana, chikuku chitam'gwira, n'kungotsala loyera mbuu. La kumanja ndiye linali moyo wake wonse. Ndi lomwelo ankasankhira fodya, kuyendetsera ngolo, kuwerengera nyimbo kutchalitchi, komanso, tinene zoona, kuonera zolakwa za anthu ena. Tsamba limodzi loola ankaliona ali kutsidya la munda.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino kuposa kukula kwa chigafa choyanikamo, ndipo mvula inakana kudula. Wantchito wawo anali Lameck, mwamuna wochepa thupi wochokera ku Kasungu, kutsidya la malire, amene ankakhala m'kanyumba ka udzu pafupi ndi chigafacho limodzi ndi mkazi wake Tionge. Tionge anali woyembekezera, mimba itafika poti kuwerama kunkamuvuta. M'mawa wa tsiku la tsokalo onse atatu, Olipa, Tionge ndi Lameck, anakhala pamthunzi akusoka fodya. Lameck ankabowola mapesi a masamba ndi singano yaitali yosula ku sipoko ya njinga, n'kumawakoloweka pachingwe.

Robson analowa m'chigafa osapereka moni. Olipa anamva mikangala, timitengo topachikapo fodya tija, ikugwedezeka, kenako kunati zii. Bata limenelo ankalidziwa bwino.

"Iwe Lameck, bwela kuno."

Lameck anadzuka singano ili m'manja. Robson anatuluka atanyamula masamba akuda, onyowa, onunkha, n'kumuponyera kumaso.

"Ichi n'chiyani? Mzele wonse wawola. Nakulembela nchito yowoletsa fodya wanga?"

"Ndinanena ine, bwana," anatero Lameck motsitsa mawu. "Ndinati chigafa chachepa, timange china. Munati ndingopanikiza. Fodya akapanikizana mvula ili chonchi amaola."

Zinali zoona, ndipo vuto linali pomwepo. Bodza Robson ankatha kulikhululukira, koma zoona zonenedwa pamaso pa akazi ayi. Anazula mkangala n'kumukwapula nawo paphewa. Mtengo unathyoka. Anatenga wina, uwu unagwera pakhutu, magazi n'kutsikira m'khosi. Tionge anakuwa. Lameck anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mzati wa chigafa, kothawira kunatha.

"Bambo a Monica, basi, mwamulanga," anatero Olipa, atagwira mwamuna wake malaya kumbuyo. Robson anam'kankha ndi chigongono pachifuwa osacheuka n'komwe, Olipa n'kugwera pamulu wa fodya.

Ali pansi pomwepo anaona zonse. Robson anataya mtengo n'kulumphira Lameck kuti am'kanyange pakhosi. Lameck anatukula manja onse awiri kuti atchinge nkhope, ataiwala kuti dzanja lamanja lagwira singano. Nkhope ya Robson inakumana ndi dzanjalo. Anagwa onse awiri, ndipo pogwapo Robson anamenyetsa chipumi pamzati, phokoso lake linamveka mpaka kunyumba. Anagubuduka m'matope atagwira kumaso, akubuula ngati ng'ombe yothenedwa.

Lameck anayang'ana singano ija, anayang'ana bwana wake, n'kuliyatsa liwiro kulowa m'munda wa chimanga.

Ronnie, mng'ono wake wa Robson, anafika akuthamanga kuchokera kudimba khasu lili m'manja. Mnyamata ameneyu anatengera mkulu wake mtima, kungoti nzeru anatengako zochepa. Atamva dzina la Lameck anafuna kulowa m'chimangamo, koma Olipa anam'letsa.

"Mlamu, siyani zimenezo. Nyamulani akulu anu."

Anam'goneka pamphasa pakhonde. Chipumi chinali chitatupa kale, kutupako kutatsikira pachikope cha diso labwino lija mpaka kulitseka. Magazi sanali ambiri. Chimene chinkatuluka pakati pa zikope chinali madzi oyera mbee, ofunda, oyenderera patsaya osaleka. Olipa anawapukuta, ena anabwera. Anadabwa pang'ono, chifukwa zaka zonse za banja lawo anali asanaonepo Robson akugwetsa msozi, ngakhale pamaliro a mayi ake. Komanso misozi yanji yotuluka diso limodzi? Koma anangoti ndi ululu, mwamuna wamenyetsa mutu pamzati.

"Mukuona?" anafunsa.

Robson anakanula chikope ndi chala, akukukuta mano. "Nikuona. Nikuona iwe, koma monga uli m'madzi."

"Tipite nawo kuchipatala," anatero Ronnie.

"Chipatala cha chiyani?" anakalipa Robson. "Kuti boma yonse imve kuti ine Zimba wanigwetsa wanchito? Nyamtonga alipo. Nyamtonga, teleka madzi."

Nyamtonga ndi mmene ankamutchulira mkazi wake akakhala kuti akumufuna. Olipa anateleka madzi.

Tionge anali ataima patali, atagwira mimba yake. Ananena motsitsa kuti, "Amayi, singano ija inawakhudza. Ndinaona." Ronnie anam'tembenukira ndi khasu lija, Tionge n'kuthawira m'kanyumba kake. Olipa anamva mawuwo, koma anayang'ana kutupa kuja n'kuganiza kuti kaya singano kaya mzati, chotupa ndi chotupa, mankhwala ake ndi amodzi. Amayi ake ankatero, mudzi wonse unkatero, ndipo manja ake anali asanam'namizepo.

Anang'amba chitenje chakale, anachiviika, anachifinya. Nsalu itangokhudza chikope, Robson analumpha n'kumumenya khofi la kumbuyo kwa dzanja, mlomo wa Olipa n'kung'ambika. Olipa analavula magazi. Anaitana amuna awiri oyandikana nawo amene anabwera kudzaonerera.

"Gwilani miyendo. Mlamu, inu gwilani manja, mukhalepo ndithu."

Anam'panikiza pansi amuna atatu. Olipa anagwada, bondo limodzi pachifuwa cha mwamuna wake, dzanja lamanzere litagwira chibwano. Anaika nsalu yotentha padiso n'kudinikiza ndi chala chachikulu, mwamphamvu, mozungulira, monga ankachitira pabondo ndi pachigongono. Robson anakuwa kukuwa kumene sanakuwepo chibadwire. Anatukwana Olipa, anatukwana Ronnie, anaitana mayi ake omwe anali m'manda. Miyendo inapalasa mpaka mphasa inang'ambika.

Apa ndinene chinthu chimene Olipa sakanauza munthu. Sankachita mwankhanza ayi, ankafunadi kuti mwamuna wake achire. Koma pansi pa mtima panali kamawu kakang'ono kamene kankati, lero mumveko nanunso mmene zimawawira. Kamawu kameneko kanawonjezera mphamvu pachala chake, ndipo iye anadziwa.

Pansi pa chalacho china chake chinafewa mwadzidzidzi. Atachotsa nsalu anapeza zinthu zonanda, zoyera, zoonekera mkati, zonga choyera cha dzira laliwisi, zitasakanikirana ndi timagazi ndi kanthu kena kakuda. Anazionetsa amuna aja.

"Mwaona? Zoipa zayamba kutuluka."

Amunawo anavomera ndi mitu. Wina anati pakanapanda mayi ameneyu mudzi uno bwenzi anthu atatha. Olipa anaviikanso nsalu, n'kudinikizanso kuti zoipazo zitheretu. Ulendo uno Robson sanakuwe kwambiri. Anangoti, "Nyamtonga, kwada."

"Ni kutupa chabe. Mawa muona."

Mawa lake kutupa kunali kutaphweradi, manja a Olipa sanalephere pamenepo. Koma chikope chinali chitalowa mkati ngati mulibe kanthu. Robson anachikanula ndi zala, anatembenukira kumene kunkamveka nkhuku, anatembenukira kudzuwa, n'kufunsa ngati kwacha. Dzuwa linali litakwera kale pamwamba pa mitengo ya mango. Ronnie analiza njinga yake yamoto, anakweza mkulu wake pakati, Olipa kumbuyo atam'kumbatira, ulendo wa kuboma.

Kuchipatala anawalozera kuchipinda cha maso. Kumeneko anapeza dokotala wachizimayi, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, dzina lake Agness Chirwa. Anaunika diso lija ndi katochi osalikhudza, nkhope yake n'kusintha. Anaphimba disolo ndi kachivindikiro kolimba kapulasitiki, anamata m'mbali, anauza anamwino kuti am'baye jakisoni ndi kum'goneka. Kenako anatulutsa Olipa ndi Ronnie pakhonde.

"Ninene mosabisa," anatero. "Diso labooka, ndipo zamkati zambili zatuluka. Tiwatumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata lelo lomwe kuti akasoke, koma zoti adzaonanso, musayembekezele."

Ronnie sanadikire mawu ena. Anamenya khoma ndi chibakera, analowa kumene kunagona mkulu wake, ndipo posakhalitsa anatuluka akuyenda mwamsanga osayang'ana munthu. Olipa sanam'labadire. Anangokhala pabenchi.

Dokotala anakhala pambali pake. "Amama, niuzeni bwino. Atangolasidwa, anali kuona?"

"Anali kuona. Anati nili monga m'madzi."

"Chinatuluka n'chiyani?"

"Misozi. Yambili, yosaleka."

"Sinali misozi," anatero dokotala. Anakunga dzanja lake ngati mpira n'kuloza kutsogolo kwake. "M'diso muli madzi a mitundu iwili, onse oyela kuti kuwala kudutse. Kuno kutsogolo, kuseli kwa galasi la diso, kuli madzi opepuka. Galasi lija lilibe mitsempha ya magazi, ndiye madzi amenewa ndiwo amalidyetsa, ndiponso amalikunga kuti lisafote. Thupi limawapanga tsiku lililonse, ena akutuluka ena akulowa. Diso likabooka kutsogolo, amenewa ndiwo amayamba kutayika. Tikasoka bala, amadzazanso okha."

"Ndiye adzadzazanso," anatero Olipa, mtima utakwera.

"Amenewo inde. Koma kumbuyo kuno, mbali yaikulu ya diso, kuli ena onanda. Ndiwo amagwila diso kuti likhale lobulungila, ndipo amakanikiza kansalu kopyapyala ka kumbuyo, kamene kamaona, kuti kakhale pamalo pake. Amenewo munthu amabadwa nawo, thupi silipanganso ena. Akatuluka mokankhidwa amakoka kansalu kaja n'kukang'amba. Manje chimene chikunidabwitsa ni ichi. Bala la amuna anu ni laling'ono, m'mphepete mwa chakuda. Pabala lotele onanda aja satuluka okha ambili chonchi. Pali chinawafinya. Anagwelanso pansi? Anadzitikita?"

Olipa anayang'ana manja ake ali pamiyendo. Chala chachikulu chinali ndi kachironda kopsa ndi madzi a dzulo.

"Ninathowa," anatero.

Dokotala sanakalipe, ndipo Olipa akanakonda akanakalipa.

"Munaona chiyani pansalu?"

"Zonga choyela cha dzila. Ninayesa ni zoipa. Ninabweleza kawili."

"Simuli oyamba, amama. Ena amathila mkaka wa m'mawele, ena shuga, ena amathowa monga inu. Diso likalasidwa silifuna dzanja. Mungotenga kapu yoyela, muvindikile osakhudza diso, mumange, mubwele naye. Basi."

"Nikanatelo, akanaona?"

Dokotala anazengereza, koma anali munthu wosanama. "Sininganene motsimikiza. Koma ambili otele timawapulumutsa."

Olipa anamva chisoni, ndi manyazi, ndi mantha. Anakumbukira kamawu kaja ka pansi pa mtima. Anadzuka n'kulowa muwodi, akuganiza kuti anene zonse nthawi yomweyo zisanamuolere m'mimba.

Robson anagona chagada, kachivindikiro kali padiso, diso loyera lija likuyang'ana kudenga. Anamva mapazi n'kutambasula dzanja.

"Nyamtonga? Bwela pafupi." Anam'gwira dzanja n'kulifinya. "Iwe unayesetsa. Pakanapanda iwe kaya nikanafa dzulo. Koma galu uja wanipha nili moyo. Nizalima bwanji? Nizayenda bwanji?"

"Bambo a Monica, adokotala akuti..."

"Namva zimene akuti. Ronnie waniuza. Namutuma."

"Mwamutuma kuti?"

"Kumudzi. Mkazi wa Lameck ali ni mimba, sangafike naye pamalile wapansi. Azabwelela ndithu kuzamutenga. Namuuza Ronnie kuti Lameck asaoloke kupita kwawo ali ni maso."

Olipa anasolola dzanja lake pang'onopang'ono. Mawu anali pakamwa, koma anayang'ana dzanja lija, lalikulu, lokhala ndi zipsera za mano a anthu, ndipo mawuwo anabwerera. Anachita mantha, palibe chifukwa china. Ananama kuti akupita kukagula madzi akumwa.

Panja anaimbira Ronnie foni. Inalira, inadulidwa. Anaimbanso, inali itazimitsidwa. Namwino anam'thamangira kumuuza kuti ambulansi ya ku Chipata inyamuka masana ndipo wodwala afunika womuperekeza. Olipa anam'patsa nambala ya mlongo wake wa Robson wokhala paboma pomwepo, n'kutuluka pageti akuthamanga. Anadutsa mumsika akugunda madengu a tomato, azimayi akum'tukwana kumbuyo. Minibasi ya ku Mwase anaipeza, koma inali ndi anthu atatu okha, ndipo minibasi simanyamuka chifukwa choti wina mtima uli m'mwamba. Kondakitala ankangoitanira, akuseka ndi atsikana ogulitsa nthochi. Olipa anakhala pampando wa kutsogolo akuluma chala chopsa chija mpaka galimoto inadzaza.

Anatsika pamsewu dzuwa litapendeka, n'kudutsa njira yachidule ya m'minda ya mtedza. Asanafike anamva phokoso la anthu kuchigafa. Njinga yamoto ya Ronnie inali itagona m'matope.

Anachedwa. Lameck anali atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe pamzati womwe uja, malaya atang'ambika, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Ronnie anaima patsogolo pake akupuma mwaphuma, tcheni cha njinga chitakulungidwa kudzanja, magazi akudontha kunsonga yake. Anthu a m'mudzi anaima mozungulira. Ena ankati zakwana, ena ankati awonjezere, koma palibe anasuntha phazi. Mkulu wina wa mpingo ndiye anali kumasula chingwe, akunena kuti munthu akafera pano mlandu ugwera mudzi wonse.

Lameck anagwa pansi ngati thumba. Nsonga ya tcheni inali itam'peza kumaso. Diso lake lamanja linali lotupa, lotsekeka, ndipo pakati pa zikope pankatuluka madzi oyera mbee, oyenderera patsaya osaleka.

Olipa anawadziwa madzi amenewo.

Kenako anaona Tionge. Ankachokera kukanyumba kake akuyenda movutika, atanyamula beseni lofuka nthunzi, kansalu kali paphewa. Analiika pansi pafupi ndi mutu wa mwamuna wake, anagwada, anaviika nsalu. Azimayi awiri anabwera kudzagwira Lameck mapewa. Mmodzi anati, "Dinikiza kwambili, mwana iwe, monga amachitila a Nyamtonga."

Olipa sanadziwe mmene anadutsira pakati pa anthuwo. Anamenya beseni ndi phazi, madzi otentha n'kum'khuthukira pamwendo, koma sanamve. Anagwira Tionge mikono yonse iwiri nsalu isanafike pankhope.

"Osakhudza!"

Tionge anam'yang'ana ndi maso ofiira. Anaona mkazi wa bwana, mlamu wa munthu amene wangophwanya mwamuna wake, akubwera kudzaletsa ngakhale thandizo. Anakuwa n'kumuluma padzanja, mano kulowa mpaka m'mnofu. Anam'kanda kumaso, anam'zula duku, anam'lavulira.

"Mfiti iwe! Simunakhute? Mukufuna afe?"

Olipa sakanatha kum'kankha, mimba ija inali pakati pawo. Anangogwiritsa mikono ija, magazi akutsikira m'chigongono, Tionge akumumenya ndi mutu pachifuwa. Azimayi aja anam'gwira Olipa tsitsi kuti am'chotse. Wina anam'menya ndi mkangala kumsana. Anthu amene dzulo lomweli ankam'tamanda tsopano ankati wapenga, ena ankati nkhanza za mwamuna wake zam'lowa.

"Mlamu, chokani apo," anatero Ronnie. "Musiyeni athowe galu wake. Sizimuthandiza."

Pamenepo Olipa analankhula, mokweza, kuti aliyense amve.

"Diso la akulu anu sanaphe ni Lameck. Singano inangoboola pang'ono, adokotala akanasoka. Anali kuona, munamva nokha. Diso ninalifinya ndine. Zimene ninakuonetsani pansalu zija sizinali zoipa, linali diso lenilenilo. Inu munagwila manja, awa anagwila miyendo, ine n'kulikhuthula."

Dzanja limene linam'gwira tsitsi linamasuka. Amuna awiri a dzulo aja anayang'ana pansi. Tionge analeka kulimbana, pakamwa pali magazi a Olipa, nsalu n'kugwa m'matope.

"Mukunama," anatero Ronnie, koma mawu ake anali ochepa.

"Kafunseni kuchipatala. Munathawa musanamve." Anatembenukira kwa Tionge. "Mwana wanga, uli ni kapu yoyela? Thamanga. Usapukute, usathile kanthu."

Tionge anabwera ndi kapu yapulasitiki yomwera tiyi. Olipa anaitsuka ndi madzi otsala mumphika wa Tionge, anagwada, n'kuivindikira padiso la Lameck mosamala, m'mphepete mwake mutakhala pafupa, osakhudza chikope. Anang'amba mpendero wa chitenje chake n'kumanga kuzungulira mutu. Mfundo inam'kanika kawiri.

"Lameck, ukuona?"

"Pang'ono, amayi," ananong'ona. "Ndisanatseke ndimaona mbuu."

"Usafinye maso. Usatsokomole ngati ungathe." Anadzuka n'kuyang'ana Ronnie. "Dzutsani njinga."

Ronnie anayang'ana tcheni chili kudzanja lake ngati wina wam'gwiritsa. Anachimasula, chinagwa. Anakadzutsa njinga, inavuta kulira, kenako inalira. Amuna anakweza Lameck pakati. Ronnie asanakwere anasendera kwa Olipa, nkhope itagwa, n'kufunsa motsitsa kuti anthu asamve.

"Manje akulu tikawauza chiyani? Akazamva kuti ndimwe, mlamu, azakuphani."

"Nikawauza nekha," anatero Olipa. "Maso alibe, koma manja akali nawo. Azanipeza."

Anakwera kumbuyo, mwendo wopsa uja utayamba matuza, dzanja lolumidwa likukha magazi pamalaya a Lameck. Ndi dzanja linalo anachirikiza kapu ija kuti isagwedezeke m'mabampu, ndipo anauza Ronnie kuti ayendetse pang'onopang'ono.